Tsiku Limene a Hulusi Analowera Khomo la Alendo

Aliyense amene wagwirapo ntchito pabwalo la Sultanahmet amawadziwa a Hulusi Usta, opolisha nsapato aja. Dzina loti Usta sanadzipatse okha, kuno timatchula choncho munthu amene ntchito yake inamulowa m'magazi. Anafika mu Istanbul muno kuchokera kumudzi wina wa ku Sivas ali mnyamata wa zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi, ndipo chifikireni akhala pansi pa mtengo umodzimodzi, msana atalozetsa ku Ayasofya, maso ali pa mapazi a anthu. Bokosi lawo ndi lamkuwa, timabotolo ta polishi tili ndandanda uku ndi uku, ndipo amalipukuta m'mawa uliwonse asanachite china chilichonse. Nkhope ya munthu amaiwala tsiku lomwelo. Koma ukawabweretsera nsapato imene anaigwira chaka chatha, amakuuza kuti unapondera m'madzi a m'nyanja ndipo unaiumitsa pafupi ndi moto.

Madalawa kukhala phee sadziwa. Kasitomala akasowa, burashi limangogogoda bokosi, mwendo ukugwedezeka, pakamwa pakung'ung'udza za alendo a masiku ano amene amabwera atavala nsapato zansalu zoyera, zosafuna polishi, ngati ana a sukulu. Ramiz, amene amagulitsa simiti pambali pawo, buledi wozungulira wa chitowe uja, amati tsiku limene mwendo wa Usta udzasiye kugwedezeka aitane achipatala.

Chinyumba cha Ayasofya chili kumsana kwawocho chasintha iwo ali pomwepo. Kalekale chinali tchalitchi, kenako mzikiti, ndipo pamene iwo ankafika chinali chongoonetsa alendo. Chitabwereranso kukhala mzikiti, a Hulusi anayamba kuswaliramo Lachisanu lililonse. Pambuyo pake makomo anagawidwa: oswali kulowera kutsogolo n'kukhala pansi pakapeti, alendo kuzungulira kuseri ndi tikiti n'kukwera pakhonde lam'mwamba. M'mwambamo a Hulusi anali asanapondemo chibadwire. Wina akawafunsa ankangoti akaoneko chiyani, makoma kodi, poti makoma ndi kunyumba komwe aliko.

Mwana ali naye mmodzi yekha, wamkazi, dzina lake Nilay. Anamuphunzitsa ndi burashi lomweli mpaka anamaliza za unamwino, ndipo pabwalo ponse panalibe amene sanamve kuti mwana wa Usta ndi namwino, poti ankauza ngakhale alendo osamva Chituruki. Ntchito itapezeka ku Jeremani anamuperekeza okha kubwalo la ndege. Zinthu zinadzasokonekera patapita zaka ziwiri. Nilay anabwera pa Idi n'kunena kuti wapeza mwamuna kumeneko, Mjeremani wotchedwa Torben, Mkhristu, ndipo ukwati analembetsa kale. Kuno pa Idi mwana amagwira dzanja la bambo ake, n'kulipsompsona, n'kuligunditsa pachipumi. Nilay anawerama kuti atero, abale ali thithithi m'chipindamo, koma a Hulusi anabweza dzanja n'kulibisa kumbuyo. Mtsikanayo anakhala chiweramire kwa kanthawi, kenako anatola chikwama chake n'kutuluka. Papita zaka zisanu ndi chimodzi, ndipo bambo ndi mwana sanamvanenso mawu.

Tisanamizane, madalawa analakwa. Pabwalo tonse tinkadziwa, eni akenso ankadziwa, koma mutu wawo ndi wouma kuposa chidendene cha nsapato. Zinkawapweteka, ndipo ululuwo ankathetsera pa burashi.

Ndiye linafika Lachiwiri lina la mwezi wa Meyi. Akazi awo, mayi Melahat, anaika buledi, azitona ndi tchizi patebulo, n'kudikira kuti bambowo amalize katambula koyamba ka tiyi. Kenako anangoiponya nkhaniyo osaikulunga. Anati Nilay ali mumzinda muno, wagona kuhotela masiku anayi, iwo akumana naye kawiri ndipo mkamwiniyo amuona ndi maso awo. Anati lero lomwe 11 koloko akukamuonetsa mwamuna wake Ayasofya, ndipo ndege yawo inyamuka madzulo ano. A Hulusi anatafuna azitona mmodzi nthawi yaitali, kenako anafunsa, ngati zosawakhudza, ngati anthuwo adzere pamtengo pawo.

"Sadzerapo," anayankha mayiwo. "Wati azungulira cha ku paki ya Gülhane kuti musavutike n'kubisa dzanja. Ine ndatopa, Hulusi. Ndakalamba ndikulankhula ndi mwana wanga pafoni m'bafa, mpopi nditatsegula kuti inu musamve. Akakwera ndege imeneyi osakuonani sadzabweranso, ndipo musadzandifunse."

A Hulusi anati tiyiyo wazizira, anavala chipewa n'kutuluka.

M'sitima yamumsewu sanakhale pansi ngakhale mipando inalipo. Atafika pamtengo pawo anapukuta bokosi, n'kulipukutanso. Kasitomala woyamba, bambo wina wa sutikesi ya mapepala, anatsala pang'ono kuchoka nsapato yake yakuda itapakidwa polishi wofiirira, chinthu chimene a Hulusi sanachitepo zaka makumi anayi. Anaimirira, anakhala, anapita kukasupe wa pakati pa bwalo n'kubwerera osamwa madzi. Nthawi anafunsa kasanu, wotchi ili pamkono pawo.

Ramiz anafunsa ngati Usta akhalira nyerere lero. A Hulusi anamuuza kuti asamale simiti wake, mbalame za kunyanja zikumudyera. Koma Ramiz nkhani yonse ankaidziwa, chifukwa mayi Melahat anali ataimbira kale mkazi wake, ndipo pabwalo pathupa chinsinsi sichifika masana. Anawalekerera avutike mpaka 11 koloko itadutsa, sitima itaimba belu kawiri katatu, kenako anakoka bokosi lamkuwa lija n'kulilowetsa pansi pa ngolo yake.

"Pitani, Usta. Mukundithamangitsira makasitomala ndi nkhope imeneyo."

Anati akungopita kukaswali marakaa awiri, palibenso china. Ramiz anati inde, swala ya 11 koloko Lachiwiri, yodziwika bwino ija.

Analowera khomo limene amalidziwa, la oswali. Anavula nsapato, anaziika pashelefu, n'kuponda kapeti wobiriwira uja. Atafika pakati anachita chinthu chimene khosi lawo silinazolowere, kuyang'ana kumwamba. Khonde la alendo lili patali, abale. Timitu ta anthu tinali ndandanda pampanda wamwala, mafoni atakwezedwa, ndipo akazi onse anali atafunda mipango kumutu, poti amawauza kutero pakhomo. Ndiye umuzindikira bwanji mwana wako, amene unamuona komaliza zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo, tsitsi lake lili poyera? Anayenda kuchoka mbali ino kufika mbali inayo mutu uli chagada, mpaka anapunthwa pa mwendo wa nkhalamba ina imene inkawerenga Kurani itatsamira chipilala. Anapepesa osaiyang'ana. Mayi wina wa mpango wabuluu ataoneka ngati akuwapenya, a Hulusi anakweza dzanja, ndipo mayiyo anawabayibitsa akuseka n'kuwajambula. Sanali iye.

Anapita kwa mlonda wina wachinyamata n'kufunsa kumene kuli makwerero. Mlondayo anati mkati muno mulibe podzera, atuluke, azungulire kuseri kukhomo la alendo, agule tikiti.

"Ine mlendo? Ndakhala panja apa iwe usanabadwe."

"Ndikukudziwani, amalume, nsapato izi munapolisha ndinu," anatero mnyamatayo akumwetulira. "Koma m'mwambamo aliyense ndi mlendo."

Anavala nsapato zawo n'kutuluka akuthamanga monga mmene munthu wa zaka pafupifupi makumi asanu ndi limodzi angathamangire, epuloni yawo ya mathothomathotho a polishi ikuwakupiza m'mawondo. Kuseriko anapeza mzere wautali, wokhotakhota padzuwa, anthu a zilankhulo zosiyanasiyana atatsatana ndi atsogoleri awo onyamula timbendera. Anaima kumapeto. Mzere unkayenda pang'onopang'ono, iwo akupondaponda pamodzimodzi, akusuzumira kutsogolo, akuyang'ana wotchi. Kawiri konse anatuluka mumzeremo kuti abwerere kubokosi lawo, akudziuza kuti bambo sathamangira mwana, ndipo kawiri konse anabwerera, mayi wina wa ku Japan akuwasungira malo mosafunsidwa. Choopsa chinali chimodzi: khomo lotulukira lili kwina, ndipo Nilay akanatha kutsika iwo akadali padzuwa pano. Atafika pawindo, mtsikana wogulitsa matikiti anayamba kuwalankhula Chingerezi asanadzutse mutu. Ataiona epuloni ija anasintha chilankhulo n'kufunsa ngati sanasokere. A Hulusi anati sanasokere.

Apa m'pamene anachita zimene pabwalo tikusekabe mpaka lero. Mapazi a munthu amene wakhala akulowa mumzikiti moyo wake wonse sadikira kuuzidwa. Atangofika pakhomo la chinyumbacho anawerama, anavula nsapato, anazigunditsa zipondero monga timachitira kuti dothi lisagwere pansi, n'kuzikumbatira pachifuwa ndi manja onse awiri. Shelefu sanaione, koma sanadabwe, anangoti mwina ili kutsogolo. Chinamtindi cha anthu chinawakankhira mkati.

Njira yokwerera m'mwambamo ilibe masitepe. Ndi kanjira kopapatiza, kamdima, kokhotakhota, koyalidwa miyala imene mapazi a anthu aiterereza kwa zaka zosawerengeka. Miyalayo ndi yozizira komanso ya mabampu, ndipo inawalowa m'mapazi nthawi yomweyo. Atakhota kawiri, maso awo, amene sachoka pansi, anawauza zoona: aliyense anali atavala nsapato. Zansalu, zamphira, masandasi, zonse zinkaponda mosaopa. Wamasokosi anali iwo okha, ndipo sokosi yakumanja inali yobooka, chala chachikulu chili pamtunda. Manyazi anawagwira koopsa. Wopolisha nsapato wa pabwalo lonse kuyenda chopanda nsapato pakati pa azungu! Koma pokhala pansi kuti avale panalibe, anthu ankakankha kumbuyo, ndiponso mtima sunalole kuti aponde ndi nsapato pansi pa denga limene amagwetsa chipumi Lachisanu lililonse. Anapitirira choncho, ali wefuwefu, zikuwabaya.

Atatulukira pakhondepo kuwala kunawathobwa m'maso. Anthu amachokera kutsidya kwa nyanja kudzaona zithunzi za timiyala tagolide za pamenepo, koma a Hulusi sanayang'ane n'chimodzi chomwe. Ankasuzumira nkhope za akazi mmodzimmodzi, ena akuwabwezera diso loipa, ena akugwira zikwama zawo. Ambiri anali atafulatira, akuyang'ana makoma. Anafika kumapeto kwa khonde, anabwerera, anazunguliranso. Mutu unaima. Anayamba kukhulupirira kuti achedwa, kuti mwana watsika, ndipo zimene adzapite nazo kumanda ndi dzanja lija analibisa kumbuyo. Mantha amene anawagwira pamenepo anali asanawamvepo, ngakhale tsiku limene anafika mumzinda muno osadziwa munthu.

Ndiye anachita chokhacho chimene amachidziwa. Anagwetsa maso pansi.

Nilay amayenda ngati bambo ake, amadya chidendene chakumanzere chakunja. Ali pasukulu, teremu iliyonse a Hulusi ankapita ndi nsapato zake kwa wosoka kuti akaikemo kachikopa pamalo omwewo. Choncho anayamba kuyenda chowerama m'chigulumo, nsapato zawo zili pachifuwa, akuwerenga zidendene za anthu. Zoyera, zoyera, zoyeranso, zamphira, zina zoti munthu wanzeru sangatuluke nazo m'nyumba. Kenako, pafupi ndi zenera lalikulu, anaona nsapato zachikopa zofiirira, zazifupi, chidendene chakumanzere chitadyeka chakunja. Zinali zowala bwino. Ndipo pakhwawa paja, pakati pa chidendene ndi chipondero, pamene munthu wamba sapaganizira n'komwe, panali popakidwa polishi. Zimenezo anaphunzitsa munthu mmodzi yekha padziko lapansi.

Pambali pa nsapatozo panali zina zachimuna, zikuluzikulu ngati mabwato, zachikopa chabwino koma chouma gwa, chong'alukang'aluka, chosalawapo polishi chigulireni. Mwini wake, chimunthu chachitali cha tsitsi lachikasu, anali atayang'ana chithunzi chachikulu cha Yesu, amene ife timati Isa, kukamwa kuli yasa.

A Hulusi anaima kumbuyo kwawo. Mawu onse amene anakonza mumzere muja anathawa. Sakudziwa kuti anaima nthawi yaitali bwanji, koma Nilay anatembenuka kuti apite, ndipo poti ndi mwana wa bambo ake, maso ake anayambira pansi. Anaona masokosi, anaona chala chija, kenako anakweza maso pang'onopang'ono mpaka pankhope.

"Baba," anatero. "Nsapato zanu."

"Ndi mumzikiti muno."

"Kuno savula, Baba."

"Ndaona."

Zinathera pomwepo. Nilay anali atanenepako pang'ono, ndipo pambali pa diso panali kamzere kamene bambo ake sankakadziwa. Manja ake onse awiri anagwira lamba wa chikwama, ndipo sanasunthe. A Hulusi anamvetsa kuti mwanayu sangawerame kachiwiri kutsata dzanja limene silinaperekedwe. Anawerama kamodzi pamaso pa abale, zinakwana. Tsopano inali mbali yawo, koma manja onse awiri anali ndi nsapato. Anayesa kuzipanira m'khwapa, imodzi inapulumuka n'kugwa pamwala, phokoso lake linamveka khonde lonse, anthu n'kutembenuka. Inayo anangoisiya igwe nayonso.

Anatambasula dzanja lamanja. Linali lakuda m'zikhadabo ndi m'ming'alu monse, polishi wa zaka makumi anayi amene sopo anamulephera kalekale. Linakhala m'malere choncho. Nilay analiyang'ana osaligwira, ndipo a Hulusi amati anawerenga mumtima kuti nthawi yake inafanana ndi imene iye anakhala chiweramire pa Idi paja. Sanalibweze. Alendo ankawalambalala uku ndi uku, mtsogoleri wina akufotokozera gulu lake za mafumu akale.

Kenako Nilay anasiya lamba uja, anagwira dzanjalo, analipsompsona n'kuligunditsa pachipumi, ndipo sanalisiye. Analira, iwonso analira, mosabisa, chipewa chitapendekeka.

Atapukuta m'maso anapeza kuti mkamwini uja watanganidwa. Torben anali ataona apongozi ake ali ndi masokosi okha, ndipo anaganiza kuti wolakwa ndi iyeyo, kuti wakhala akuponda malo opatulika ndi nsapato m'mawa wonse popanda womuuza. Nkhope itafiira, anali atavula kale mabwato ake aja, atawagunditsa zipondero monga anaonera, ataima njo ndi masokosi a mizeremizere. Anawerama pang'ono n'kupereka moni wa Chituruki amene zikuoneka kuti anakhala akuloweza mlungu wonse, n'kumaliza ndi mawu oti Baba. Mlonda wa pakhondepo anayang'ana amuna awiri opanda nsapatowo, n'kutembenukira kwina.

A Hulusi maso awo anali pa mabwato aja. Anangolanda nsapato imodzi m'manja mwa munthuyo, anaitembenuza, anayendetsa chala chachikulu pamng'alu, n'kupukusa mutu. Chikopa chabwino chonchi, chokhoza kukhala zaka makumi awiri, kuchipha ndi ludzu! Mkwiyo umenewu ndiwo unawabwezera mawu.

"Mwana wanga, zaka zonsezi osamuuza munthuyu kuti chikopa chimafuna mafuta? Zakozo ukupolisha bwinobwino."

"Zanga ndimapolisha," anatero Nilay. "Zakezo ndinkasungira inu."

A Hulusi anaitembenuzanso nsapato ija m'manja. Kenako anafunsa nthawi imene ndege inyamuke, ndipo atamva anati nthawi ilipo koma yochepa, chifukwa nsapato zofika pamenepa sizipakidwa kamodzi, zimafuna kumwa kaye. Anatola zawo, onse awiri anavala atatsamira khoma, ndipo iwo ndiwo anatsogola potsika, akufulumizitsa anthu m'kanjira kaja ngati kwawo.

Ramiz anawaona akubwera atatu kuchokera kuseri. Anangotulutsa bokosi pansi pa ngolo n'kuitanitsa matambula anayi a tiyi. Torben anakhazikidwa pakampando ka makasitomala, mawondo atafika pachifuwa, phazi lili pabokosi lamkuwa. Nilay anakhala pamwala pambali pa bambo ake, pamene ankakhala akaweruka kusukulu, n'kuimbira mayi ake kuti akwere sitima abwere msanga. A Hulusi anasankha botolo, analibweza, anasankha lina. Nkhope ya mkamwini sanaiyang'anebe, ndipo mpaka lero ukawafunsa maonekedwe ake amangoti ndi wamtali, amavala nambala 46, ndipo amaponda mowongoka. Nsapato yoyambayo anachita kuibwereza kawiri.